Kodi boma lingatulutse liti asilikali m'misewu?

Mphatso: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha odziwa malamulo atithandize. Madzi akasefukira kapena chivomerezi chikagwetsa nyumba, aliyense amafunsa kuti asilikali ali kuti. Koma anthu akatuluka kukachita zionetsero, asilikali omwewo akangooneka pamsewu timati boma likuopseza nzika zake. Malire ake ali pati? Kodi mtsogoleri wa dziko angangodzuka m'mawa n'kulamula kuti asilikali atuluke m'makambi?

Yamikani: Ine sindikuonapo vuto. Zinthu zikafika poipa, atuluke basi. Timawalipira ndi misonkho yathu.

A Gondwe: A Mphatso, mwafunsa mafunso awiri m'funso limodzi, ndipo mayiko ambiri amawasiyanitsa m'malamulo awo. Ndipereke chitsanzo cha Kenya chifukwa kumeneko analemba momveka bwino. Malamulo oyendetsera dziko a 2010, ndime 241, amati asilikali azithandiza maofesi ena a boma pakagwa ngozi, kenako apereke lipoti ku Nyumba ya Malamulo. Apa sadikira chilolezo, amapita kaye n'kudzafotokoza pambuyo. Koma ndime yomweyo ikafika pa zipolowe imati asilikali angatumizidwe kukabwezeretsa mtendere pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza. Chifukwa chake n'choonekeratu. Pa madzi osefukira mdani ndi madziwo. Pa zipolowe, amene ali kutsogolo kwa mfuti ndi nzika, ndipo nthawi zambiri nzikayo yakwiyira munthu yemweyo amene akulamula asilikali.

Mphatso: Ndiye ku Kenya zinayenda choncho anyamata aja atalowa m'Nyumba ya Malamulo?

A Gondwe: Zinayenda chobwerera. Pa 25 June 2024, anthu okana bilu ya misonkho atalowa m'nyumbayo, nduna ya zachitetezo inalengeza usiku womwewo kuti asilikali atuluka. Aphungu anavomereza mawa lake. Bungwe la maloya la Law Society of Kenya linathamangira kukhoti, ndipo khoti linalola kuti asilikali apitirize koma linalamula boma kuti lisindikize poyera kuti akupita kuti, kukachita chiyani, ndiponso kwa nthawi yaitali bwanji. Kwa ine zinthu zitatu zimenezi ndiye mtima wa nkhani yonse.

Bambo Chirwa: Ndilankhuleko monga munthu amene anavalapo yunifomu mpaka kupuma. Ana anga, msilikali ndi wapolisi saphunzira zofanana. Wapolisi woletsa zipolowe ali ndi chishango, ndodo, utsi wokhetsa misozi, zipolopolo za mphira, unyolo. Amaphunzira kuima pamzere anthu akumugenda, kumanga munthu, kulemba sitetimenti, kukaima m'khoti n'kupereka umboni. Msilikali amaphunzira kupeza mdani n'kumugonjetsa mwachangu asanamuphe iye. Mukamuika pamphambano ndi mfuti yodzaza, m'manja mwake mulibe china pakati pa kukuwa ndi kuwombera. Ndiye taganizani mnyamata wa zaka 20, sanagone, mwala wamumenya pachipumi, magazi akulowa m'diso, gulu likuyandikira, ndipo akuopa kuti amulanda mfuti. Zimene zichitike pamenepo sizidalira kuti mnyamatayo ndi wabwino kapena woipa mtima. Akuluakulu ambiri a asilikali safuna ntchito imeneyi, andale ndi amene amaikonda.

Chisomo: Zikomo bambo, mwanena zimene ndimafuna kunena. Pa 1 August 2018 ku Harare asilikali anatulutsidwa anthu akudikira zotsatira za chisankho, anthu 6 anafa, ena anawomberedwa kumsana akuthawa. Komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Kgalema Motlanthe, pulezidenti wakale wa South Africa, inapeza kuti imfazo zinachokera kwa asilikali ndi apolisi. Ku Lekki, mumzinda wa Lagos, pa 20 October 2020, achinyamata anali atakhala pansi akuimba nyimbo ya fuko lawo, asilikali anafika n'kuwombera. Boma la Nigeria linakana, koma komiti yofufuza imene boma la Lagos linakhazikitsa lokha inati anthu anaphedwa. Ndipo musaganize kuti ndi za ku Africa kokha. Ku Kent State ku America, pa 4 May 1970, asilikali a National Guard anapha ophunzira 4 pasukulu pawo. Ine ndikuti pa zionetsero asilikali asamatulukemo n'komwe. Palibe zoti nthawi zina.

Yamikani: Achemwali, mwasankha zitsanzo zokukomerani. Nanga South Africa mu July 2021? Jacob Zuma atangolowa m'ndende, ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng anthu anaotcha malole pamsewu wa N3, anathyola masitolo, nyumba zosungira katundu, ngakhale mafamase. Anthu oposa 350 anafa. Apolisi anachepa, ena ankangoyang'ana. Anthu atatopa anayamba kutseka misewu okha ndi mfuti zawo, ndipo ku Phoenix, dera la ku Durban, zinasanduka kuphana chifukwa cha khungu. Boma linayamba ndi asilikali 2,500, kenako linakweza kufika 25,000. Funso limene anthu ankafunsa kumeneko silinali lakuti atulukiranji, linali lakuti anachedweranji. Mayi amene akufuna mankhwala a shuga koma famase yapsa mungamuuze kuti malamulo salola?

Chisomo: Zija sizinali zionetsero, kunali kuba ndi kuotcha.

Yamikani: Ndiye amene anene kuti izi ndi zionetsero, izi ndi zipolowe, ndani? Zimayamba limodzi m'mawa, pofika masana zasintha.

A Gondwe: Funso la a Yamikani ndi lenileni, ndipo palibe lamulo limene lingalembe tsiku ndi ola. Chimene malamulo abwino amachita ndi kukana kuti munthu mmodzi aweruze yekha. Ku South Africa, ndime 201 imati pulezidenti yekha ndiye angalole kuti asilikali agwire ntchito pamodzi ndi apolisi, koma ayenera kudziwitsa Nyumba ya Malamulo mwamsanga zifukwa zake, malo ake, chiwerengero cha asilikali ndi nthawi yake. Onani mawu akuti pamodzi ndi apolisi. Asilikali amabwera kudzathandiza, salanda ntchito. Akhoza kulondera malo opangira magetsi, mabwalo a ndege, madoko ndi misewu ikuluikulu kuti apolisi amasuke kukakumana ndi anthu. Ku Britain mfundo yake ndi yakuti asilikali aitanidwe njira zina zonse zikalephera. Ndiye a Chisomo, kunena kuti asamatuluke n'komwe ine sindingavomereze. Koma a Yamikani, kunena kuti atuluke basi ndikukananso.

Mayi Tiyamike: Ine ndibweze nkhani ku ngozi zachilengedwe, chifukwa ndagwirapo ntchito yachipatala m'misasa ya anthu othawa madzi. Mlatho ukakokoloka, amene ali ndi helikopita, maboti, mainjiniya omanga mlatho wachitsulo m'masiku ochepa, ndiponso anthu mazana omvera lamulo limodzi, ndi asilikali okha. Ndinaonapo mayi woyembekezera, magazi akutayika, atamugoneka pachitseko chimene anachizula kunyumba, ambulansi itaima tsidya lina la mtsinje. Anamuolotsa ndi asilikali pa boti. Pamenepo kuchedwa ndiko kumapha. Ku Kobe, ku Japan, chivomerezi cha pa 17 January 1995 chinapha anthu oposa 6,000, ndipo boma linadzudzulidwa kwambiri chifukwa asilikali ambiri anadikira maola angapo pempho la bwanamkubwa wa chigawo, anthu ali pansi pa zigumuka. Pambuyo pake anakonza ndondomeko kuti ngozi ikakula asilikali azitha kunyamuka osadikira. Tsunami ya 2011 itabwera anatumiza pafupifupi 100,000. Chonde, poopa mfuti tisamange manja a anthu opulumutsa.

Aphunzitsi Mwale: Mayi akunena zoona, ndipo Germany inadutsa momwemo. Chifukwa cha mbiri ya Hitler, malamulo awo anatsekereza asilikali kugwira ntchito m'kati mwa dziko. Mu February 1962 madzi a m'nyanja anasefukira mumzinda wa Hamburg, anthu oposa 300 anafa. Helmut Schmidt, amene nthawiyo anali woyang'anira apolisi mumzindawo, anagwiritsa ntchito asilikali ndi mahelikopita awo ngakhale malamulo sankanena kuti angatero. Anthu anamutamanda, ndipo patsogolo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko. Koma chimene ndimachikonda n'chakuti Ajeremani sanasiye nkhaniyo m'manja mwa munthu wolimba mtima. Mu 1968 anasintha malamulo n'kulemba poyera kuti pa ngozi zachilengedwe asilikali angathandize. Anaona kuti wotsatira amene adzalumphe lamulo mwina sadzakhala wopulumutsa anthu.

Mphatso: Ndiye tinene kuti pa ngozi zachilengedwe palibe choopa?

Bambo Chirwa: Chilipo mwana wanga. Ngozi imatha kusanduka chipolowe m'maso mwa olamula. Ku New Orleans mu 2005, namondwe Katrina atadutsa, mbiri inafala yakuti mzinda wadzaza ndi akuba ndi zigawenga, zambiri zinali zokokomeza. Asilikali ena analowa mfuti zili chilozere anthu anjala. Mkulu wawo, Russel Honoré, anajambulidwa akuwakalipira kuti atsitse mfutizo. Munthu amene watenga madzi akumwa m'sitolo yomira si mdani. Ukatumizidwa kukapulumutsa, pita ndi zingwe ndi mafosholo, mfuti zikhale ndi ochepa olondera katundu.

Chisomo: Ndipo nthawi ya Covid tinaziona. South Africa yomweyo mukuitamayi, mu April 2020 bambo wina ku Alexandra anamwalira atamenyedwa ndi asilikali pakhomo pake, nkhani yake mowa m'nthawi ya lockdown. Anatumizidwa kukateteza anthu ku matenda. Zinatengera khoti la ku Pretoria kulamula kuti okhudzidwawo aimitsidwe ntchito ndiponso kuti boma lilembe malamulo a mmene asilikali azikhalira ndi anthu. Ndiye kuti anawatulutsa asanawalembere n'komwe.

Yamikani: Apo sindikutsutsa. Koma cholakwa cha anthu ochepa sichingaletse dziko lonse kudziteteza.

Aphunzitsi Mwale: Ndikufuna ndiike nkhani ina imene imasokoneza mbali zonse ziwiri. Ku America chigawo chilichonse chili ndi asilikali a National Guard amene bwanamkubwa angawaitane pa zipolowe kapena pa ngozi. Asilikali a boma lalikulu amaletsedwa kugwira ntchito ya apolisi ndi lamulo la Posse Comitatus la 1878, kupatula pamene lamulo lina lalola, makamaka Insurrection Act ya 1807, lamulo lokhudza kugalukira boma. Tsopano mu 1957 ku Little Rock, bwanamkubwa wa Arkansas, Orval Faubus, anaika National Guard pachipata cha sukulu ya Central High kuti ana 9 akuda asalowe, ngakhale khoti linali litagamula kuti tsankho m'sukulu lithe. Pulezidenti Eisenhower anamulanda asilikaliwo n'kuwaika pansi pa boma lalikulu, natumizanso gulu la 101st Airborne kuti liperekeze anawo m'kalasi. A Chisomo, tikanatsata mfundo yanu, ana aja akanatsala m'manja mwa gulu lolusa lija. Komanso a Yamikani, Faubus nayenso ankati akusunga bata. Asilikali a chigawo chimodzi, mwezi umodzi, anagwira ntchito ziwiri zotsutsana.

Chisomo: Aphunzitsi, apo mwandipatsa choganiza. Komabe Eisenhower ankakwaniritsa chigamulo cha khoti. Sankateteza mpando wake.

A Gondwe: Mwakhudza penipeni. Funsani nthawi zonse kuti asilikaliwa akuteteza lamulo kapena akuteteza wolamula. Ndipo mphamvu yomweyo ikhoza kukanganitsa. Mu 1992 ku Los Angeles, George Bush wamkulu anagwiritsa ntchito Insurrection Act bwanamkubwa atapempha yekha. Mu June 2025 Donald Trump anatenga National Guard ya California bwanamkubwa Gavin Newsom akukana, ndipo nkhaniyo inathera m'makhoti. Lamulo likalembedwa ndi mawu otambalala, limadalira khalidwe la amene wakhala pampando.

Limbani: Ine ndangolowa, ndawerenga zonse. Funso langa: nanga ngati anthu enieniwo akukhulupirira asilikali kuposa apolisi? Ku Malawi mu 2019, pa zionetsero zokana zotsatira za chisankho, anthu ankaombera m'manja asilikali chifukwa ankaperekeza zionetsero mwabata pomwe apolisi ankaponya utsi. Ndiye vuto lili pati?

Bambo Chirwa: Anagwira ntchito yabwino, ndipo ndimawanyadira. Koma kumbukira kuti mkulu wa asilikali wa nthawiyo, Vincent Nundwe, anachotsedwa pampando mu March 2020. Zinayenda bwino chifukwa cha anthu amene anali pamipando, ndipo anthu amasinthidwa ndi kalata imodzi. China, asilikali akazolowera kuomberedwa m'manja pa nkhani za ndale, tsiku lina wina mwa iwo adzaganiza kuti angathe kuyendetsa dziko bwino kuposa anthu wamba. Walira mvula walira matope. Ngati apolisi sakukhulupirika, akonzedwe apolisiwo, aphunzitsidwe, alipidwe, olakwa alangidwe.

Limbani: Koma kukonza apolisi kumatenga zaka, chipolowe chili lero.

Aphunzitsi Mwale: Mawu amenewo ndi amene ananenedwa ku Mexico. Mu December 2006 Felipe Calderón anatumiza asilikali ku Michoacán kukalimbana ndi magulu ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, poti apolisi anali atavunda ndi ziphuphu. Mpaka pano asilikali akadali m'misewu, ndipo apolisi aja sanakonzeke, chifukwa ndalama ndi chidwi zinapita kwa asilikali. Ku Northern Ireland asilikali a Britain analowa mu August 1969, ndipo Akatolika ambiri anawalandira bwino poyamba, akuona ngati abwera kudzawateteza. Pa 30 January 1972 ku Derry anawombera anthu oyenda pa chionetsero, 13 anafera pomwepo, wina anamwalira pambuyo pake. Ntchito imene ankati ndi ya kanthawi inatha mu 2007, patapita zaka 38. Boma linadzavomereza mu 2010, nduna yaikulu David Cameron atapepesa m'Nyumba ya Malamulo, kuti ophedwawo analibe mlandu. Kutulutsa asilikali kumatenga usiku umodzi, koma palibe wandale amene amafuna kukhala wowabweza, kuopa kuti china chikachitika adzamuloza chala. N'chifukwa chake tsiku lobwerera liyenera kulembedwa asanatuluke.

A Gondwe: Ndipo malamulo ena amalilembadi. South Africa ndi Malawi onse amati state of emergency, nthawi imene boma lalengeza kuti dziko lili pachiopsezo, isapitirire masiku 21 pokhapokha aphungu ataonjezera, ndipo kuonjezerako ndi miyezi yosapitirira itatu pa nthawi imodzi. Malamulo a Malawi, ndime 45, amatchula nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni ndi ngozi yachilengedwe yofalikira. Zionetsero palibepo pamndandandawo. Ndionjezere kuti kutulutsa asilikali ndi kulengeza state of emergency ndi zinthu ziwiri. Asilikali angathe kuthandiza apolisi ufulu wonse wa anthu uli chiimire. Ambiri amasokoneza, amaganiza kuti akaona galimoto yankhondo ndiye kuti malamulo aima.

Mphatso: Nanga ikalengezedwa, ufulu wonse umatha?

A Gondwe: Ayi. Pangano la mayiko la ufulu wa anthu pa ndale ndi pa umbadwa la 1966, ndime 4, limalola boma kuchepetsa maufulu ena moyo wa dziko ukakhala pachiswe, monga kuletsa kuyenda usiku kapena kusonkhana. Koma pali ena osakhudzidwa zivute zitani: kusaphedwa mwachisawawa, kusazunzidwa, kusasandutsidwa kapolo. Mfundo za United Nations za 1990 zokhudza kugwiritsa ntchito mphamvu ndi mfuti zimati kuwombera kofuna kupha n'kololedwa pokhapokha palibiretu njira ina yotetezera moyo, ndipo zimagwira msilikali aliyense amene wapatsidwa ntchito ya upolisi. Katundu yekha si chifukwa chophera munthu. Wothawa ndi TV pamutu amangidwe, asawomberedwe.

Yamikani: Apa pokha mtima wanga ukuvuta. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse, sitolo yake ikupsa, msilikali waima pomwepo osawombera?

Mayi Tiyamike: Achimwene, m'gulu lothyola sitolo mumakhalanso ana. Chipolopolo cha mfuti yankhondo chimaboola munthu n'kukapeza wina kumbuyo, chimaboola khoma n'kupeza wogona m'nyumba. Mabala ake ndinawaona, fupa limanyenyeka, sitisoka ngati bala la mpeni. Sitolo ili ndi inshulansi kapena chipepeso. Ndikumva kuwawa kwanu, koma ayi.

Chisomo: Nanga aphungu amene mukuwadalirawa, ngati ambiri ali a chipani cholamula, si angovomereza chilichonse?

A Gondwe: Zimachitika, sindikana. Koma onani South Korea. Usiku wa pa 3 December 2024 Pulezidenti Yoon Suk Yeol analengeza ulamuliro wa asilikali, natumiza asilikali ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu anathamangira komweko, ena analowa chokwera mpanda, ndipo 190 amene anafika onse anavota kuti ulamulirowo uthe, kuphatikizapo ena a chipani chake. Malamulo awo amati aphungu oposa theka akatero, pulezidenti ayenera kumvera. Patapita maola pafupifupi 6 zinali zitatha, ndipo mu April 2025 khoti linamuchotsa pampando. Malamulo a 1987 amene muli ndime ija analembedwa ndi anthu amene ankakumbukira za ku Gwangju mu 1980, kumene asilikali anapha nzika zambiri.

Bambo Chirwa: Ndipo pa zithunzi za usiku umenewo yang'anani asilikaliwo. Anthu ankawakankha, ena kugwira mfuti zawo, koma palibe amene anawombera munthu. Akanawombera mmodzi yekha, voti ija sikanachitika.

Limbani: Bambo, ndiye msilikali ali ndi ufulu wokana lamulo?

Bambo Chirwa: Lamulo loonekeratu kuti ndi losemphana ndi malamulo, monga kuwombera anthu opanda zida amene akhala pansi, ayenera kulikana, ndipo akalimvera mlandu ndi wake pamodzi ndi womutuma. Koma musapeputse. Wamng'ono wakana pamaso pa anzake, mkulu wake ali pomwepo, sadziwa ngati mawa adzatchedwa ngwazi kapena wogalukira. N'chifukwa chake katunduyu sayenera kusenzetsedwa wa pansi. Ine ndikanakhala wotsogolera gulu lotumizidwa mumzinda, ndisanakweze anyamata m'galimoto ndikanafuna pepala losainidwa, lonena amene watituma ndi ndime ya lamulo imene waimapo. Ndikanafuna wapolisi wamkulu woyenda nafe, woti iye ndiye azimanga anthu. Msilikali aliyense akhale ndi kakhadi m'thumba konena nthawi imene angawombere, ndipo zipolopolo ziwerengedwe potuluka ndi pobwera. Wandale amene akukana kusaina, akufuna kulamula pafoni pokha, akudziwa kuti adzakukana zikavuta.

Chisomo: Ndipo akapha munthu aweruzidwe kukhoti la anthu wamba, osati la asilikali okhaokha kumene abale a malemu sangalowe.

A Gondwe: Ndikugwirizana nanu, ndipo mayiko angapo asintha malamulo awo kulowera komweko. Mexico inatero mu 2014, milandu ya asilikali olakwira anthu wamba inachotsedwa m'makhoti a asilikali.

Yamikani: Ine ndikadali pa mfundo yanga yakuti kuchedwa nakonso kumapha, ndipo amene amafa apolisi akagonja ndi osauka amene alibe alonda. Koma za pepala losaina ndi tsiku lobwerera ndazilandira. A Gondwe, funso lomaliza: aphungu akakhala pa tchuthi, chipolowe chabuka usiku, boma lidikire?

A Gondwe: Zimatengera dziko. Ku South Africa pulezidenti amatumiza asilikali kaye, ndipo ngati Nyumba ya Malamulo sikumana m'masiku 7 oyambirira, amapereka zonse zija ku komiti ya aphungu yoyang'anira zachitetezo. Ku Kenya, pa zipolowe, chilolezo chiyenera kubwera poyamba, ndiye aphungu aitanidwe ngakhale ali kumidzi kwawo. Masiku ano kuitanitsa aphungu sikutenga sabata. Ine ndimakonda njira ya Kenya pa zipolowe, ndipo pa madzi ndi zivomerezi anyamuke usiku womwewo, lipoti lidzapite pambuyo.